Kuthamanga kwa Magazi ndi Kuundana Kwake

Awa ndi mau amene mthandizi wa dokotala analankhula kwa amuna ndi akazi pa bwalo la mfumu.

Anthu ambiri amayesa kuti munthu wodwala nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene ena amaitcha BP, amafa chifukwa mtsempha waphulika. Zoterezi zimachitikadi, makamaka m'mutu. Koma kawirikawiri tsoka limadza mwa njira ina: magazi amaundana m'kati mwa mtsempha natseka njira.

Kuundana kwa magazi pakokha si koipa ai. Munthu akadzitema ndi khasu kumunda, magazi amaleka kutuluka chifukwa aundana. M'magazi muli chinthu china chopangidwa ndi chiwindi, chimene madokotala amachitcha fibrinogen. Pakakhala bala, chinthu chimenechi chimasanduka timaulusi tolukana ngati ukonde wa asodzi, ndipo ukondewo umakola magazi nutseka balalo.

Tsono bvuto lili apa. Magazi akamayenda ndi mphamvu yopitirira kwa zaka zambiri, amakanda m'kati mwa mitsempha monga madzi a mvula amakumba m'mbali mwa ngalande. Pokandikapo pamaunjikana mafuta, ndipo tsiku lina pamang'ambika. Thupi limayesa kuti pali bala, nililuka ukonde uja pamalo posayenera. Ukatsekeka mtsempha wodyetsa mtima, mbali ina ya mtima imafa. Ukatsekeka wa ku ubongo, munthu amafa ziwalo mbali imodzi, ndiyo sitiroko.

Madokotala akhoza kupima fibrinogen m'magazi. Mu 1986 madokotala a ku London, atatsatira amuna ambiri kwa zaka, analengeza kuti iwo amene anali ndi fibrinogen wochuluka ndiwo anagwidwa kwambiri ndi nthenda ya mtima. Mu 1987 a ku Framingham, ku America, anapeza zofanana. Zinadziwikanso kuti kusuta fodya kumachulukitsa chinthu chimenechi. Chinanso chimene amapima ndi D-dimer, ndiyo tizidutswa totsala magazi oundana akasungunuka. Chipimo chimenechi amachigwiritsa ntchito makamaka akakayikira kuti magazi aundana m'mwendo kapena m'mapapo.

Komatu munthu asagulitse mbuzi yake kuti akafune zipimo zimenezi ku tauni. Fibrinogen amakweranso munthu akakhala ndi nthenda ina m'thupi, ndiponso mai akakhala ndi pakati, kotero payekha sanena zambiri. Chipimo chofunika koposa ndi chija chomanga pamkono, chimene sichitenga nthawi. Chikamaonetsa 140/90 kapena kuposa pamenepo pa masiku osiyana, munthuyo ali nayo nthenda, ngakhale alime tsiku lonse osamva kupweteka kuli konse. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo unapima anthu a zaka 25 kufikira 64 m'Malawi, ndipo unapeza kuti mmodzi mwa atatu ali onse anali nayo. Ambiri a iwo sanali kudziwa.

Wolandira mankhwala amwe tsiku ndi tsiku monga anauzidwa. Alipo ena amene amaleka akangomva bwino, osadziwa kuti kumva bwinoko ndi nchito ya mankhwalawo. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Fodya, wa ku sitolo kapena wopichira, alekedwe ndithu.

Pa za aspirin pafunika kuchenjera. Mankhwala amenewa amachepetsadi kuundana kwa magazi, koma kwa munthu amene magazi ake akali kuthamanga kwambiri akhoza kuchititsa kuti magazi atayike m'mutu kapena m'mimba. Asamwe tsiku ndi tsiku popanda mau a dokotala.

Munthu akamva chifuwa kulemera ngati chapanikizidwa ndi mwala, kapena pakamwa pakapotoka mwadzidzidzi, dzanja nilifooka, mau osamveka, abale ake asadikire kuti kuche. Apeze njinga kapena galimoto, amtengere ku chipatala nthawi yomweyo.