NGALAWA YOKWERA PHIRI



Amene anagwirapo ntchito m'chigwa cha Mazowe, kumpoto kwa Harare, ngalande akuidziwa bwino. Damu la Mazowe linamalizidwa m'chaka cha 1920, ndipo madzi ake anayamba kuyenda m'ngalande kukathirira minda ya malalanje. Ambiri mwa antchito a m'mapulazi otere anali makolo athu ochokera ku Nyasaland ndi ku Tete. Iwowa ankadziwa kuti damu likhoza kusefukira, koma ngati palibe wotsegula chitseko cha ngalande, mtengo wa kumunsi umafota.

Ku England kuli ngalande zazikulu kuposa za ku Mazowe, moti mumayenda ngalawa. Ngalawazo ndi zazitali mamita pafupifupi 21, koma m'mimba mwake ndi mamita awiri okha. Kale zinkakokedwa ndi kavalo, zitanyamula malasha. Lero anthu amayendamo pofuna kupumula, ndipo liwiro lake ndi ngati la munthu woyenda pansi.

Chodabwitsa ndi chakuti ngalawazi zimakwera mapiri. Kodi zimatheka bwanji? Pamene nthaka yayamba kukwera, amamanga chipinda cha njerwa chokhala ndi zitseko kutsogolo ndi kumbuyo, chimene Angerezi amachitcha lock. Ngalawa imalowamo, chitseko cha kumbuyo chimatsekedwa, ndipo munthu woima pamtunda amapukusa chitsulo kuti madzi a kumtunda alowe pang'onopang'ono. Madzi akamakwera, ngalawa imakwera nawo. Akafika mulingo umodzi ndi a kutsogolo, chitseko chimatheka kukankhidwa, ulendo nkupitirira. Ku Tardebigge, pa ngalande ya pakati pa Worcester ndi Birmingham, zipinda zotere zilipo 30 zondondozana, ndipo zimakweza ngalawa mamita oposa 60. Taonani abale: ngalawa ingakhale yolimba chotani, siingadzikweze yokha. Pamafunika wina wotsika, nkukagwira chitsulo.

M'ngalawa zimenezi munkakhala mabanja. Sitima za pamtunda zitabwera, malipiro a onyamula katundu pamadzi anatsika, ndipo ambiri anasiya nyumba nkutengera akazi ndi ana awo m'kachipinda kakang'ono ka kumbuyo kwa ngalawa. Ana ankabadwira pamadzi, nkumakula akutsogolera kavalo ndi kukankha zitseko, osaponda m'kalasi. Ankanyamula chuma cha dziko, koma dziko silinkawawerenga.

Panali munthu wina, George Smith wa ku Coalville, Mkhristu wa mpingo wa Methodist, amene iye mwini anagwira ntchito youmba njerwa ali mwana. Sanali wa m'ngalawa ayi, koma analemba, nayankhula kosalekeza za anawa, kufikira Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1877 lakuti ngalawa zokhalamo anthu zizilembedwa m'kaundula. Mu 1884 lamulolo linalimbikitsidwa. Uyu ndiye anatsika kukagwira chitsulo.

Tsopano tibwerere ku Mashonaland. Ku Mazowe, ku Bindura, ku Chinhoyi ndi ku Marondera kunabadwa ana ndi adzukulu a anthu amene analima fodya, chimanga ndi malalanje a dzikolo. Kuyambira m'chaka cha 2000, mapulazi ambiri anagawidwa, ndipo antchito ochuluka anataya ntchito pamodzi ndi pokhala. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo ambiri obadwira ku Zimbabwe kwa makolo akunja anayamba kuyesedwa alendo. Kholo lopanda chitupa limavutika kupezera mwana kalata ya kubadwa, ndipo mwana wopanda kalatayo amakumana ndi zitseko zotseka ku sukulu, ku ntchito ndi pamalire.

Komatu madzi alipo. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a m'chaka cha 2013 amati munthu wobadwira m'dzikomo malamulowo asanalengezedwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo ankakhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Damu ladzaza. Chotsala ndi wotsegula chitseko.

Choncho tikufunsani, inu akulu a mpingo, amayi a mvano ndi achinyamata odziwa kuwerenga: mumpingo mwanu ndi ana angati alibe kalata ya kubadwa? Kodi mukuwadziwa mayina? Yambani ndi banja limodzi. Khalani nalo pansi, funsani kumene mwana anabadwira, sonkhanitsani makadi a kuchipatala ndi a ubatizo, pezani mboni, ndipo muwaperekeze ku ofesi ya kaundula. Akakubwezani, mupitenso. Ngalawa ya ku Tardebigge simalumpha chipinda. Imadutsa chimodzi, kenaka chinzake, mpaka itafika pamwamba.

Inunso muli kumudzi ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Angonia, m'bale wanu wa ku Zimbabwe akakupemphani umboni wa kwawo kwa makolo ake, musazengereze. Mwina kalata yanuyo ndiyo madzi amene akudikira.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani, mpaka tidzamvanenso.