Alick Nkhata, Woyimba wa pa Wailesi



Munthu akacoka kuno ku Kabwata kunka ku Kalingalinga, apeza mseu wa dzina la Alick Nkhata. Ana athu ayendamo masiku onse, koma ndi angati adziwa mwini dzinalo? Tsono lero ndifuna kukuuzani za iye.

Bambo Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Anaphunzira za uphunzitsi, ndipo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anapita ku Burma pamodzi ndi asilikari. Atabwerako anagwira nchito ndi Bwana Hugh Tracey, amene anali kuyenda m'midzi kujambula nyimbo za makolo. Apo ndipo anazindikira kuti nyimbo za pamtondo ndi za pabwalo ndi cuma.

Pambuyo pace analowa nchito ya wailesi ya Central African Broadcasting Service muno mu Lusaka. Masiku amenewo kawailesi kochipa ka Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949, kanali kulowa m'nyumba za anthu akuda. Anthu ambiri anali atasiya kwao kudzafuna ndalama, ndipo nyimbo za kumudzi zinali pafupi kuiwalika, pakuti ena ophunzira anaziyesa zacikale. Bambo Nkhata anazitenga naziika pa gitala, napekanso zace zonena za moyo wa m'tauni, za mowa, za cikondi ndi za ndalama zosakhalitsa m'thumba. Anayimba m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zilankhulo zina. Munthu wa mu mgodi pomva mau ace madzulo anakumbuka amace ndi mudzi wace. Gulu lace linakula nikhala Lusaka Radio Band, ndipo pambuyo pace Big Gold Six.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 anakhala mmodzi wa akuru oyendetsa wailesi ya Zambia. Mu 1974 anapuma nchito napita kukalima ku Mkushi. Kumeneko, mu October 1978, asilikari a Rhodesia anathira nkhondo msasa wa ankhondo a Joshua Nkomo pafupi ndi munda wace, ndipo iye anaphedwa. Munthu amene anapulumuka ku Burma anafera pakhomo pace.

Nyimbo zace zinasonkhanitsidwa mu 1991 m'cimbale ca Shalapo. Inu makolo, zifuneni, muzimvetsere pamodzi ndi ana anu, ndipo muwauze kuti mwini mseu uja anali yani.

Tsalani bwino nonse.