Mtima wa Munthu Uoneka pa Tsiku la Malipiro

Nkhani ya lero ndi ya funso limene munthu ali yense ayenera kudzifunsa ali yekha: kodi cinthu cimene iye aikapo mtima koposa zonse n'ciani? Pakamwa payankha msanga. Wina ati ana, wina ati Mulungu, wina ati abale, wina ati kukhulupirika pa nchito. Koma akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mau akhoza kukoma kunja. Yankho leni-leni lipezeka poona kumene zipita ndarama za munthuyo, ndi kumene apita ana ace dzuwa likatuluka.

Citsanzo ca zimenezi ciri ku Chadiza. Boma limeneli liri kum'mwera kwa Chipata, ndipo licita malire ndi dziko la Mozambique. Ndi dziko la Acewa, la mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume. Anthu ace alima cimanga, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa, ndipo cuma cimene acilemekeza kwambiri ndi ng'ombe. Ng'ombe zilima munda waukulu umene khasu silingauthe, zikoka ngolo, zipatsa manyowa, ndipo pakagwa matenda kapena mlandu, imodzi igulitsidwa, banja nkupulumuka.

Tsono kumeneko, monganso ku Katete, kuli pangano lakale. Banja losowa ng'ombe lipereka mnyamata kwa mwini khola kuti azikaweta. Mnyamatayo akatha zaka zitatu kapena zinai ali kubusa, alandira ng'ombe imodzi, ndipo ndiyo ikhala ciyambi ca khola la kwao. Atate ace a mwanayo mutawafunsa, adzanena ndi mtima wonse kuti afuna mwana wao aphunzire. Sanama ai. Afunadi sukulu, afunanso ng'ombe. Bvuto ndi lakuti zaka zimene mwana athera kuchire ndi zomwezo zimene anzace aphunzira kuwerenga. Pobwera ndi ng'ombe yace ali wamtali kale, ndipo acita manyazi kukhala pa benchi limodzi ndi tiana tating'ono. Potero atate aja asankha, cinkana sanakhalepo pansi kuti asankhe.

Umu ndimo zikhalira ndi anthu ambiri. Kusankha pakati pa cabwino ndi coipa sikubvuta kweni-kweni. Cobvuta ndi kusankha pakati pa zabwino ziwiri, ndipo munthu amene sanaganizire kuti coyamba n'citi, njala ya tsiku limenelo ndiyo imsankhira.

Sukulu si cinthu cacilendo ku Chadiza. Amishoni a Dutch Reformed anakhazika mishoni pa Nsadzu m'caka ca 1908. M'caka ca 2002 Boma la Zambia linacotsa malipiro a sukulu kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 7, ndipo m'caka ca 2022 linacotsanso malipiro a ku sekondale. Zobvala ndi makope zifunabe ndarama, ndipo ng'ombe zifunabe mbusa. Koma cobisalira cija cakuti sukulu njodula cacepa, ndipo zimene makolo aikapo mtima zioneka poyera kusiyana ndi kale.

Acewa ali naco citsanzo ca kasankhidwe kabwino kwa mfumu yao yaikuru. Mwambo wa Kulamba unaletsedwa ndi Boma la Azungu m'caka ca 1934, ndipo unadzutsidwanso m'caka ca 1984. Caka ciri conse, kumapeto kwa August, mafumu a ku Chadiza apita ku Mkaika pamodzi ndi anzao a ku Malawi ndi a ku Mozambique kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Gule Wamkuru, amene amishoni anamenyana naye zaka zambiri, bungwe la UNESCO linamlemekeza m'caka ca 2005 kuti ndi cuma ca anthu a pa dziko lonse. Koma ufumu womwewo umene unasunga izi unakana zina. Kalonga waletsa fisi ndi kukwatitsa ana ang'ono, ndipo walamula kuti cinamwali ndi dambwe zisacotse ana ku sukulu. Malamulo a dziko anatsatira m'caka ca 2023, pamene anakhazikitsa kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja, ungakhale ukwati wa mwambo. Mfumu sinataye mwambo wonse, sinausungenso wonse. Inapeta monga apetera mai pa licero, niisiya cimene cimanga mtundu, niitaya cimene ciononga ana.

Munthu payekha akhoza kupeta cimodzimodzi, ndipo njira yace njosabvuta. Poyamba achule zinthu zitatu zimene anena kuti ndizo zazikuru pa moyo wace. Kenaka atenge pepala la malipiro a mwezi watha, awerenge kumene ndaramazo zinapita, kwacha ndi kwacha, osadzinamiza. Pomariza adzifunse kuti n'citi mwa zitatu zija cimene anacitayirapo kanthu kena kokoma. Cinthu cimene munthu sanalipirepo mtengo uli wonse sanaciikepo mtima, angocikonda pocichula.

Apa mpamene nkhaniyi ifika kwa amuna a ku Mufulira, ku Nchanga, ku Nkana ndi ku Kansanshi, ndi kwa onse ogwira nchito m'Lusaka. Pa mwambo wa Cicewa mwamuna ndiye mwini mbumba, ndipo ana a mlongo wace ayang'ana kwa iye. Alipo amalume amene pa mowa alankhula bwino za ubwino wa maphunziro, pamene mphwao ali m'dambo ku Chadiza, mkwapulo uli m'manja, caka cacitatu tsopano. Munthu wotere sasowa kukhala wolemera kuti akonze zimenezi. Ndarama zimene zithera pa Loweruka limodzi la malipiro zikhoza kugula yunifomu ndi makope. Zina pang'ono, zosungidwa mwezi ndi mwezi, zikhoza kugula kamthandi kamene mwanayo akadakagwirira nchito zaka zinai. Ndipo mau a malume, akanenedwa pamaso pa mlongo ndi mlamu mwaulemu, amveka pamudzi.

Kucita tero kuli ndi mtengo wace, ndipo nkosayenera kubisa. Anzace a pa nchito adzamuyesa woumira. Mwini khola adzadandaula kuti pangano lasweka pakati. Abale ena adzati wa m'tauni wayamba kulamula a kumudzi. Mwina mwanayo sadzapita patali ndi sukulu, pakuti palibe angalonjeze zimenezo. Koma munthu amene zocita zace zigwirizana ndi mau ace agona tulo tabwino, ndipo ana a m'nyumba mwace, amene aona zonse cinkana sanena, aphunzira kuti mau a atate wao ali ndi kulemera.

Wina atapeta bwino akhoza kupeza kuti cacikuru kwa iye ndi kusunga amai ace okalamba, wina kumanga nyumba kwao, wina kukana ciphuphu pa nchito. Anthu sayenera kufanana. Cofunika ndi cakuti ali yense adziwe cace, acichule, ndipo tsiku la malipiro likafika aciike patsogolo, zina zitsate pambuyo. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo sukulu zitsegula mu January. Amene ali ndi mphwace kubusa alembe kalata kapena aimbe lamya mwezi uno.