Mmene Bungwe la SADC Limalandirira Maiko Atsopano

Nkhani yathu ya lero ikuchokera kuno ku Phalombe, kufupi ndi malire a dziko lathu ndi Mozambique. Tikambirana za bungwe la SADC, limene limagwirizanitsa maiko a kumwera kwa Africa pa ndale ndi pa chuma, ndi mmene limakulira.

Bungweli lidabadwira ku Lusaka pa 1 Epulo 1980, likutchedwa SADCC. Maiko oyambitsa adali 9: Angola, Botswana, Lesotho, Malawi, Mozambique, Swaziland, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Cholinga chao chidali kuchepetsa kudalira dziko la South Africa, limene nthawi imeneyo linkalamulidwa mwa tsankho. Namibia idalowa mu 1990 itangolandira ufulu, ndipo mu 1992 atsogoleri adasaina pangano ku Windhoek losandutsa bungweli kukhala SADC. Tsankho litatha mu 1994, South Africa yomwe ija idalandiridwa. Mauritius idatsatira mu 1995, Congo ndi Seychelles mu 1997 pa msonkhano wa ku Blantyre, Madagascar mu 2005, ndipo Comoros idakwanitsa chiwerengero cha 16 mu 2018.

Kodi dziko limalowa bwanji? Liyenera kupempha, kenaka nduna zimafufuza ulamuliro wake, chuma chake, ndiponso ngati lingathe kupereka chopereka cha chaka ndi chaka. Pomaliza atsogoleri onse ayenera kuvomereza. Mmodzi akakana, khomo silitseguka.

Nchifukwa ninji lamuloli lili lolimba chotere? Inu alimi a ku Migowi ndi Chiringa mukudziwa za makalabu a ngongole ya feteleza: mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse imavutika. Maiko nawonso ndi chimodzimodzi. Zoonadi, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa: South Africa idabweretsa madoko ndi msika waukulu, ndipo kuyambira mu 2008 katundu wambiri amadutsa m'malire a maiko ambiri a m'bungweli popanda msonkho. Koma mlendo amadzanso ndi mavuto ake. Seychelles idatuluka mu 2004 nkubweranso mu 2008. Madagascar idaimitsidwa kuyambira mu 2009 mpaka 2014 chifukwa cha kulanda boma. Nkhondo itakula kuvuma kwa Congo, SADC idaganiza mu 2023 zotumizako asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, ndipo mu Januwale 2025 ana athu ena adataya miyoyo yao kumeneko.

Tsono, omvera, mukamva kuti dziko lina likugogoda pakhomo la SADC, musati ndi nkhani ya akuluakulu okha. Dzifunseni mafunso awiri: kodi dzikolo lidzagula nandolo ndi mpunga wathu? Nanga likadzagwa m'mavuto, kodi tidzalolera kusenza nalo katunduyo? Pakuti kulandira dziko m'bungwe ndiko kulonjeza zonse ziwiri.