Funsani a nesi mawu akadalipo

 Inu akumbuyo senderani kuno kumthunzi, sinditha kupikisana ndi malole a mu Kafue Road.

Lero tikambe za chotupa cha pakhosi. Munthu akasasa mawu milungu 3 osasintha, akamavutika kumeza, kapena mwanabere akatupa m'khosi osaphwa, asathere ndalama pa mandimu ndi uchi. Apite kukiliniki. Fodya ndi mowa, makamaka zikaphatikizana, ndizo zimaitana matendawa kawirikawiri. Abambo, ndakuonani mwayang'ana pansi. Kukiliniki amalemba kalata yopita kuchipatala chachikulu, mpaka ku UTH kwa madokotala a makutu, mphuno ndi khosi. Pafupi pomwepo pali Cancer Diseases Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 2007.

Chimene ndabwerera kwenikweni ndi ichi. Dokotala akanena kuti pakufunika opareshoni, a nesi amakhala nanu pansi kuti akuphunzitseni. Ambiri timangoti "inde a sisita, inde a sisita," titakumbatira chikwama, m'mutu mulibe chalowa. Musatero. Ngati akuchotsa kholingo, wodwala adzadzuka wopanda mawu, ndipo funso limene sanafunse dzulo sadzatha kulifunsa ndi pakamwa. Tsono wodwazika, amene adzagone pambali pa bedi, akhalepo pa maphunzirowo. Musatume mlamu wongodutsa. Ngati Chingerezi chathamanga, nenani kuti abwereze m'Chinyanja. Kenaka inuyo muwafotokozere a nesi zimene mwamva, akukonzeni pomwepo.

Auzeni mankhwala onse amene wodwala akumwa: ma ARV, a shuga, a BP, aspirin, ngakhale mizu ya kwa asing'anga. Sakufuna kukudzudzulani. Mankhwala ena amachititsa kuti magazi asaundane msanga. Akati asadye kuyambira ola lakuti, ngakhale kaphala musamubisire m'chitenje chifukwa cha chisoni. Munthu atagonekedwa ndi mankhwala akasanza, masanzi amalowa m'mapapo.

Akachotsa kholingo lonse, pakhosi pamatsala bowo, ndipo munthu amapumira pamenepo moyo wake wonse. Mphuno siigwiranso ntchito yake yosefa fumbi ndi kunyowetsa mpweya. Ganizani fumbi la misewu yathu mu Seputembala, ndi utsi wa mbaula m'nyumba yotseka! Pabowopo pazikhala kansalu koyera, kopepuka, kosathothoka ulusi. Thonje ayi. Posamba madzi asalowepo, ndipo zosambira m'damu zatha. Makhololo azituluka pabowo pomwepo, tsono pemphani a nesi kuti mupukute ndi manja anu iwo akuonerera, kawiri katatu, musanatuluke m'chipatala. Kuona wina akuchita n'kosavuta. Manja amanjenjemera usiku uli wekha kunyumba magetsi atazima.

Masiku oyamba chakudya chimadutsa m'kapaipi ka m'mphuno kuti bala la mkati lipole. Nsima adikire mpaka madokotala alole. Akabwera kunyumba mwina sadzamva fungo bwino, ndiye musamusiyire ndiwo pamoto.

Mugulireni kabuku ndi cholembera musanapite. Ngati salemba, gwirizanani zizindikiro akadali ndi mawu: chala chimodzi ululu, ziwiri chimbudzi, supuni kugogoda pambale ndiye bwerani msanga. Njira zoyankhuliranso zilipo, funsani kuchipatala kuti ndi iti ingatheke kwa iye.

Ichi ndichinena kawiri. Akabanika, akatuluka magazi pabala, kapena thupi likatentha, pezani galimoto nthawi yomweyo, osadikira kuche. Akakomoka, kumupumira m'kamwa sikuthandiza. Mpweya wake umalowera pabowo la pakhosi. Pabowo, amayi, osati m'kamwa.

Amayi ovala duku lofiira, ndaona mwakweza dzanja kalekale. Funsani.