Musanatumize zipangizo zamagetsi kumudzi

Ana athu a kuno ku Washington, Maryland ndi Virginia. Ambiri mwa inu mumathandiza makolo kulongedza katundu wopita ku Malawi, ndiye mundimvetsere bwino.

Magetsi a m'nyumba zathu kuno ndi mavoti 120, pomwe a ESCOM kwathu ndi 230. N'chifukwa chake potumiza makina ometera kapena blender timaikamonso thiransifoma yotsitsa mphamvu.

Koma thiransifomayo ili ndi kolowera magetsi ndi kotulukira. Mavoti 230 akalowera mbali ya 120, m'malo motsitsa imakweza mphamvu pafupifupi kawiri. Mawaya amkati amatentha, chipangizo chimapsa, ndipo moto ungabuke m'nyumba ya agogo. Ngati ili ndi switchi ya 110 ndi 220, ikhale pa 220 isanafike pakhoma.

Vuto ngati lomweli liliponso pa sola. Kabokosi kotsitsa mphamvu kamayenera kutumiza magetsi kuchoka pa sola kupita ku batire. Dzuwa likalowa, batire imatha kuwabwezera m'mbuyo, n'kuphwa, kabokosinso n'kuwonongeka. Gulani kokhala ndi diode yotseka njira yobwererayo, kapena charge controller yeniyeni.

Tchaja cha foni kapena cha laputopu cholembedwa 100–240V sichifuna thiransifoma. Chimangofuna pulagi ya mano atatu, ngati ya ku UK.

Pempho langa ndi ili: musanatseke katoni, matani kapepala pa thiransifoma, mulembe m'Chichewa kuti "uku kukhoma" ndi "uku kuchipangizo". Amene akaitsegule ku Dedza kapena ku Mulanje sadzakhala nanu pafupi kuti akufunseni.