Kafukufuku wanu asadyedwe ndi chiswe

Mau amene mmodzi wa atolankhani athu analankhula kwa aphunzitsi, ophunzira ndi okonda zolembalemba a ku Dowa ndi ku Ntchisi.

 Mwandipempha kuti ndilankhule za katumizidwe ka kafukufuku wa zolembalemba ndi chikhalidwe ku magazini a akatswiri, aja amatuluka m'mayunivesite. Ine ndine mtolankhani, ndipo ku yunivesite ndinachokako ndisanavale mkanjo. Choncho ndilankhula ngati mnzanu.

Ndiyambe ndi mantha, poti ndi amene atsekera mapepala ambiri m'masutikesi. Akuluakulu muli pano, makamaka inu amene munabwerera kuchokera ku Zambia, ku Tanzania ndi ku Mangalande zinthu zitasintha, mukudziwa kumene manthawa anachokera. Mu 1968 boma linakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo buku, sewero ngakhale nyimbo zinkayenera kukondweretsa a Censorship Board. Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa pa 25 September 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka May 1991 osazengedwa mlandu. Ife kuno sitichita kufunsa: Dzaleka ili pompano, ndipo inali ndende ya anthu a milandu ya ndale isanakhale msasa wa othawa kwawo mu 1994.

Masiku amenewo munthu wowerenga pepala lako mobisa, iwe osamudziwa dzina, anali kazitape. N'chifukwa chake ena akamva kuti mkonzi wa magazini amapereka pepala kwa ounika awiri osatchulidwa maina, mtima umawagunda. Komatu pali kusiyana. Wa Censorship Board ankafuna kudziwa ngati mau ako akhumudwitse olamula. Wounika amafuna kudziwa ngati uli ndi umboni. Woyambayo akakana, pepala linkatsekeredwa dziko lonse, mwina ndi mwini wake yemwe. Wounika akakana, watseka khomo limodzi lokha, ndipo nthawi zambiri amakulembera zifukwa zake. Zifukwazo ndi maphunziro aulere.

Tisaiwalenso kuti ngakhale pa nthawi yowawa ija anthu ankatumizabe zolemba. Gulu la Writers Group linayamba mu 1970, ndipo m'zaka zotsatira kunabadwa magazini a Odi ndi Kalulu, wachiwiriyu wa nthano ndi miyambo ya pakamwa. Journal of Humanities inayamba ku Zomba mu 1987, chaka chomwe Mapanje anamangidwa. Ngati iwo ankalemba apolisi ali pakhomo, ife amene tinalandira ufulu wa riferendamu ya 1993 tilephera ndi chiyani?

Mapiri ano ali ndi chitsanzo chawochawo. Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, wopanda digiri. Analemba Nthondo m'chinenero chathu n'kutumiza ku mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures ku London, ndipo mu 1933 analandira mphoto. Chaka chotsatira bukulo linatuluka m'Chingerezi, atalimasulira Cullen Young. Pambuyo pake Ntara analemba mbiri ya Msyamboza, mfumu ya kwa Chibanzi muno m'Dowa, komanso Mbiri ya Achewa, imene akatswiri a mbiri amaitchulabe m'mabuku awo. Akanasunga makope ake pansi pa bedi, bwenzi chiswe chitatha ntchito kalekale.

Tsono mungatumize kuti? Kuno kwathu kuli Journal of Humanities ya ku University of Malawi, yomwe mungaiwerenge pa intaneti kudzera ku African Journals Online. Kuli Society of Malawi Journal ya ku Blantyre, imene inayamba mu 1948 ndi dzina la Nyasaland Journal, ndipo m'menemo mwalemba anthu ambiri amene sanaphunzitsepo pa yunivesite. Kunja kuli Research in African Literatures, imene Bernth Lindfors anayambitsa ku Texas mu 1970, ndi Journal of Southern African Studies. Musanatumize, werengani nkhani zitatu kapena zinayi za m'magazini amene mwasankha. Safunsa anadya phula. Mudzaona kutalika kwa nkhani zawo, katchulidwe ka mabuku, ndi nkhani zimene amazikonda.

Pepala lanu likhale ndi funso limodzi. Kulemba za chikhalidwe cha Achewa chonse n'kufuna kusenza phiri la Ntchisi pamutu. Koma mukafunsa mmene nyimbo za chinamwali za kwa Kasakula zasinthira kuyambira pamene atsikana ambiri anayamba kupita ku sukulu, kapena mmene alimi a fodya a ku Mponela amaimbira za ngongole, mwapeza chimene pulofesa wa ku London sangachipeze m'laibulale. Onetsani kuti mwawerenga amene anakutsogolerani, monga Steve Chimombo ndi Matthew Schoffeleers, ndipo nenani pamene mukugwirizana nawo ndi pamene mukuwatsutsa. Pamwamba ikani chidule cha ndime imodzi chonena funso lanu, njira imene munatsata, ndi chimene mwapeza. Dzina lanu lilembeni pa tsamba lapadera kuti ounika asadziwe ngati ndinu dokotala wa maphunziro kapena mphunzitsi wa sitandade 5. Lamulo limeneli limateteza ife anthu wamba.

Mutumize ku magazini amodzi pa nthawi imodzi, ndipo pepalalo likhale loti silinasindikizidwepo kwina. Kenaka dikirani. Yankho limatha miyezi, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Likabwera limakhala limodzi mwa anayi: talandira, konzani pang'ono, konzani kwambiri mutumizenso, kapena takana. Ambiri amagwa mphwayi pa yankho lachitatu, chonsecho ndi limene limatsegula khomo. Yankhani mfundo za ounika imodziimodzi. Pamene alondola, konzani. Pamene alakwitsa, mwina poti sadziwa dambwe kapena chikamwini, afotokozereni mwaulemu ndi umboni. A Censorship Board sitinkawayankha, koma wounika amayembekezera kuti umuyankhe.

Chenjerani ndi akathyali. Pa intaneti pali magazini ena amene amakutumizirani imelo yokutamandani, n'kulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira madola. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Kumeneko palibe wounika, ndipo pepala likalowa kumeneko magazini enieni sadzalilandiranso.

Nkhani ya chinenero ndi yowawa, ndipo sindiibisa. Magazini ambiri amene ndatchulawa amasindikiza m'Chingerezi, chikhalirecho nyimbo ndi nthano zake n'zathu. Chimene mungachite n'chakuti mau a nyimbo kapena mwambi muwalembe m'Chichewa monga anatulukira m'kamwa mwa mwini wake, kumasulira kubwere pansi pake. Mukatero mdzukulu wa woimbayo adzawapeza ali amphumphu. Ndipo amene Chingerezi chimakuvutani, gwirizanani ndi mnzanu, maina onse awiri akhale pa pepala. Mutu umodzi susenza denga.

Chomaliza ndi ngongole yathu kwa eni nkhani. Gogo amene wakusimbirani nthano kwa Chiwere kapena kwa Kalumo mumuuze kumene mau ake akupita, ndipo mumupemphe chilolezo. Akalola, lembani dzina lake, mudzi wake ndi tsiku limene munacheza. Akakana kutchulidwa, bisani dzinalo. Gule wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, koma ulemu umenewo sunapereke kwa wina aliyense ufulu woulula za kudambwe popanda mau a eni dambwe. Mafumu muli pano mutithandize pamenepa. Pepala likatuluka, tengani kope mubwerere nalo kumudzi mukawerengere amene anakuthandizani. Alendo ambiri ofufuza anadutsa m'mapiri muno n'kupita osabwereranso, ndipo ife tisatengere khalidwe limenelo.

Amayi ndi abambo, mukafika kunyumba tsegulani sutikesi ija. Sankhani kope limodzi, mulitaipe, mumupatse mnzanu wosakunyengererani kuti aliwerenge, kenaka mulitumize chaka chino chisanathe. Akalikana, likonzeni mutumize kwina. Palibe amene adzakugogodereni usiku chifukwa cha zimenezo.